Botomu, Topu ndi Kumayadi: Mmene Tsankho Linasinthira Dzina mu Lilongwe

Agogo anga aakazi sanalivomerepo dzina loti Bwaila. Kwa iwo chipatala chili pafupi ndi mlatho wa ku Old Town chija ndi Botomu basi, ndipo mukati muwawongolere amakuyang'anani ngati mwawaponda chala. Ine ndinabadwira komweko, ndipo kwa zaka zambiri ndinkangoganiza kuti Botomu ndi dzina la mfumu ina yakale, monga timanenera kuti kwa Chinsapo kapena kwa Kauma. Ndinali Fomu 3 pamene ndinawafunsa.

"Iwe, kusukuluko amakuphunzitsani chiyani?" anatero. "Botomu ndiye kuti pansi. Kunali Topu, cha azungu, kumtunda uko. Ife chathu chinali chapansi."

Ananena izi akusenda mbatata, opanda mkwiyo uliwonse, ngati akundiuza mtengo wa tomato. Inenso sindinaiganizire kwambiri nkhaniyi mpaka semesita yathayi, pamene tinkaphunzira mbiri ya anthu akuda a kummwera kwa America: malamulo a Jim Crow, kunyanyala mabasi ku Montgomery mu 1955, ulendo wa ku Selma mu 1965. M'kalasi tonse tinagwidwa chisoni poona zithunzi za mipopi iwiri ya madzi, wina wa azungu wina wa akuda. Mnzanga wina mpaka anati, "Koma anthu aja anavutika." Ndinavomera, kenako ndinakumbukira kuti ineyo ndinabadwira m'chipatala chomwe dzina lake lenilenilo linali chikwangwani chonga chomwecho. Tinkalira maliro a kwa eni, a pakhomo pathu tisakuwadziwa n'komwe.

Zomwe ndikufuna kunena pano ndi izi: mu Lilongwe tsankho la khungu silinathetsedwe mu 1964 monga timaimbira pa 6 July. Linangovula malaya akale n'kuvala ena, ndipo malaya atsopanowo ndi manambala a ma Area amene timawatchula tsiku lililonse osaganizapo kanthu.

Tiyambe ndi mtsinje. Lilongwe anayamba ngati boma laling'ono la atsamunda m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Posakhalitsa amwenye anabwera n'kutsegula masitolo. Chimene chinakweza tawuniyi ndi fodya: m'zaka za m'ma 1920 azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, anafalitsa ulimi wa fodya wachikopa pakati pa alimi a m'midzi yozungulira, ndipo mu 1926 boma linakhazikitsa Native Tobacco Board kuti liziyang'anira malondawo. Ndalama zomwe zinamanga Lilongwe wakale zinachokera m'zigafa za makolo athu, koma makolowo sanali eni tawuni. Mtsinje unakhala malire. Tsidya lakumadzulo, kumtunda kopita mphepo yabwino, kunali maofesi a boma, nyumba za azungu zomwe lero ndi Area 3, ndi bwalo la gofu. Tsidya lakummawa kunali masitolo ndi nyumba za amwenye, komwe lero ndi Area 2, msika, ndi chipatala cha anthu akuda. Munthu wakuda ankawoloka mlatho m'mawa kukaphika, kukasesa kapena kukalemba makalata a bwana DC, madzulo n'kubwerera. Amene ankagona tsidya lija ankagona m'kanyumba ka kuseri, kaja timakatchulabe boyizikota mpaka lero, ngakhale wogonamoyo atakhala bambo wa ana asanu.

Nyasaland analibe lamulo longa Group Areas Act, lomwe South Africa anakhazikitsa mu 1950 kuti mtundu uliwonse uzikhala kwaokha. Ichi n'chifukwa chake ena amati atsamunda a kuno anali ofatsirapo. Ine ndimaona kuti anali ochenjera chabe. Sankafunika kulemba kuti wakuda asamange pano. Ankangolamula mtundu wa nyumba yoyenera kumangidwa m'dera lakutilakuti, kukula kwa poloti, ndi amene angapatsidwe lizi ya malo. Kalabu inali ndi mamembala ake. Sukulu zinali zitatuzitatu: za azungu, za amwenye ndi makaladi, ndi za anthu akuda, ndipo m'nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953, maphunziro a azungu ndi amwenye ankayendetsedwa ndi boma la Chitaganya ku Salisbury pamene a akuda anasiyidwa m'manja mwa boma la ku Zomba ndi mamishoni. Tsankho losalembedwa pakhoma ndi lovuta kulimbana nalo, chifukwa palibe chikwangwani choti uchigwetse. Sungani mfundo imeneyi, tiipezanso kutsogoloku.

Pa nkhani ya voti ndi pamene kufanana ndi kummwera kwa America kunandidzidzimutsa. Kumeneko, malamulo a dziko ankanena kuti munthu wakuda ali ndi ufulu wovota, koma maboma a ku Alabama ndi Mississippi anaika mayeso a kuwerenga ndi msonkho wa voti kuti amutsekereze. Kuno anthu akuda oyamba analowa m'nyumba ya malamulo mu 1949, ochita kusankhidwa ndi bwanamkubwa. Mu 1956 analowamo asanu, pakati pawo Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume, ndi James Ralph Chinyama, mlimi wa fodya wa kuno ku Lilongwe yemwe anakhalapo pulezidenti wa Nyasaland African Congress. Asanuwo ankaimira anthu oposa mamiliyoni awiri, pamene azungu ndi amwenye, omwe anali zikwi zochepa chabe, anali ndi mipando isanu ndi umodzi. Ngakhale chisankho chotchuka cha mu August 1961, chomwe chinabwera pambuyo pa magazi okhetsedwa ku Nkhata Bay pa 3 March 1959, chinali ndi makaundula awiri. Kaundula wapansi, wa anthu opitirira 100,000, ankasankha aphungu 20. Kaundula wapamwamba, wa anthu osafika 5,000, ankasankha aphungu 8. Kuti ulowe wapamwamba ankayang'ana ndalama zako, katundu wako ndi sukulu yako. Pa pepala panalibe mawu oti khungu. Topu ndi Botomu, koma m'bokosi la voti.

Malawi Congress Party inatenga mipando yonse 20 yapansi ndi ina ya pamwamba, ndipo makaundula awiriwo sanakhalitse. Apa ndiye pali kupambana kwenikweni, ndipo sindikufuna kukupeputsa. Agogo anga amakumbukira tsiku limene anayamba kulowa m'sitolo popanda kuima kumbuyo kudikira kuti dona amalize kugula.

Munthu amene anatsogolera kupambanako ankalidziwa tsankho la ku America ndi thupi lake lomwe. Hastings Kamuzu Banda anaphunzira udokotala ku Meharry Medical College mumzinda wa Nashville, ku Tennessee, n'kumaliza mu 1937, pakati penipeni pa Jim Crow. Iye asanapite, John Chilembwe anali ataphunzirapo kale ku Lynchburg, ku Virginia. Pali ulusi wochokera kummwera kwa America kufika m'mbiri yathu umene kusekondale sitiuzidwa mokwanira. Ndipo taonani masiku awa: pa 2 July 1964 Lyndon Johnson anasaina Civil Rights Act, lamulo loletsa tsankho m'mahotela, m'malo odyera ndi pa ntchito. Patangopita masiku anayi, Malawi analandira ufulu wodzilamulira. Munthu akanaganiza kuti dokotala wa ku Nashville uja akamadzamanga likulu lake, adzamanga mzinda wotsutsana ndi zonse zomwe anaziona kumeneko.

Sizinatero. Patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu, nduna zake zinamuukira, ndipo mwa madandaulo awo munali awa: kuti akuchedwa kupereka maudindo akuluakulu a boma kwa Amalawi, kuti waika tiki yolipira kuchipatala, ndi kuti akugwirizana ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Chipembere, Chiume, Orton Chirwa ndi anzawo anathera kunja kapena kundende. Mu 1967 Malawi anatsegula ubale wa ukazembe ndi South Africa, chinthu chomwe mayiko ena a anthu akuda mu Africa ankachikana. Banda ankafuna kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba, ndipo ankanena kuti maganizowa anamubwerera ali m'ndende ku Gweru. Britain anakana kupereka ndalama, ati n'kuwononga. South Africa anavomera: mu 1968 anapereka ngongole ya ma rand 8 miliyoni. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa Capital City Development Corporation, ndipo pulani yoyamba ya mzinda inajambulidwa ndi akatswiri a ku South Africa, W. J. C. Gerke ndi C. J. Viljoen. John Vorster anabwera kuno mu 1970, Banda anapita kwawoko mu 1971, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. Chaka cha 1968 chomwecho, America anali akukhazikitsa Fair Housing Act, lamulo loletsa tsankho pogulitsa ndi pobwereketsa nyumba. Ife tinali kuitana anthu a ku Pretoria kuti atiuze yemwe azikhala kuti.

Ndisaname, chifukwa chosamutsira likulu chinali chomveka. Chitukuko chonse cha atsamunda chinaunjikana ku Blantyre, Zomba, Thyolo ndi Mulanje, kumene kunali minda ya azungu. Chigawo chapakati ndi cha kumpoto zinali nkhokwe ya anthu opita ku Joni ndi ku Harare. Kukokera likulu pakati pa dziko kunali kukonza cholakwika chenicheni. Vuto langa si kusamukako ayi, koma mzinda umene unamangidwawo.

Kwerani minibasi pa depoti ya ku Old Town yopita ku City Centre, mukhale pawindo. Mukangochoka m'phokoso la Malangalanga ndi fumbi la kumsika, mumadutsa mtunda wautali wa mitengo ndi tchire, kenako n'kutulukira pa nyumba zazitali zotalikiranatalikirana, ndi Capital Hill pamwamba pake. M'mabuku amati uwu ndi mzinda wa m'munda, wa mitengo ndi mpweya wabwino. Ndi zoona, ndi wokongola, makamaka jakaranda akachita maluwa. Koma funsani kuti mitengoyo ili pakati pa yani ndi yani. Pulani inagawa malo okhala potengera kuchuluka kwa nyumba pa hekitala. Madera a nyumba zochepa, a mapoloti aakulu, monga Area 10, Area 12 ndi Area 43, anaikidwa kufupi ndi maofesi a boma ndi a akazembe. Ogwira ntchito m'boma apakatikati anapatsidwa madera ngati Area 18. Anthu wamba anapatsidwa zomwe zinatchedwa Traditional Housing Areas, kumene unkalandira poloti yaing'ono, kumanga wekha nyumba, kukumba chimbudzi, n'kumatunga madzi pa mpopi wa onse: Kawale, Chilinde, Area 23, ndi Area 25 kutali uko kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo. Pakati pa maderawa anasiya madambo, mitsinje ndi nkhalango. Midzi yomwe inali pamalowa inasamutsidwa.

Palibe pamene pulaniyo inalemba kuti azungu uku, akuda uko. Inalemba za kuchuluka kwa nyumba, monganso kaundula wa 1961 analemba za ndalama ndi sukulu. Koma mu 1970, ndani akanakwanitsa poloti ya ku Area 10? Akazembe, azungu ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani, ndi kagulu kochepa ka Amalawi a pamwamba m'chipani ndi m'boma. Amene ali ndi galimoto anaikidwa pafupi ndi ntchito. Amene amayenda pansi anaikidwa kutali. Aliyense amene anaonapo mapu a Johannesburg ndi Soweto, kapena a Salisbury ndi Highfield, angauzindikire mtundu wa kaganizidwe kameneka, kogwiritsa ntchito mtunda ndi tchire m'malo mwa mpanda. Ndipo kwa boma la chipani chimodzi, lomwe linamupanga Banda kukhala pulezidenti wa muyaya mu 1971, mzinda wotere unali ndi ubwino winanso: khamu la anthu okwiya limayenera kuyenda makilomita angapo padzuwa lisanafike pa Capital Hill. Amene munayendapo pa zionetsero za 2019 mukudziwa kutalika kwake ndi miyendo yanu.

Anthu sanaimvere pulaniyo mpaka kalekale. Mu 1966 Lilongwe anali ndi anthu pafupifupi 19,000, mu 1977 anafika pafupifupi 99,000, ndipo kalembera wa 2018 anapeza pafupifupi miliyoni imodzi. Capital City Development Corporation inathetsedwa mu 1984, mapoloti ovomerezeka anachepa, ndipo anthu anadzipezera okha malo. Mtandire anamera m'mbali mwa Area 47, Kauma kuseri kwa Area 12. Si mwangozi kuti maderawa ali pomwe alipo. Alonda, ophika, olera ana ndi osamalira maluwa a kumayadi amafunika kugona penapake pofikika wapansi. Ndi boyizikota yomwe ija, yangokula n'kukhala mudzi.

Mawu oti "kumayadi" amandisangalatsa. Sitinena kuti kwa azungu, chifukwa ambiri okhala kumeneko lero ndi akuda ngati ife. Timatchula yadi, kukula kwa bwalo. Chichewa cha m'tawuni chinaona msanga kuti muyeso wasintha kuchoka pa khungu kupita pa malo. Komabe mwana wa ku Kawale akaona mnzake wovala bwino amati "ndi mzungu ameneyo", ndipo bwana aliyense wolipira malipiro ndi "mzungu wanga". Chilankhulo chimakumbukira zomwe mapulani amabisa.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ife achinyamata sitikonda kuikamba, ndiyo ya amwenye. Atsamunda anawaika pakati: pansi pa azungu, pamwamba pa akuda, ndi sitolo m'manja. Udindo umenewo unabala chidani chomwe chilipobe, ndipo madandaulo a anthu ogwira ntchito m'masitolo ena a ku Area 2, a malipiro ochepa ndi kunyozedwa, si ongopeka. Koma mbiri yake si yophweka. Mu 1961 bungwe la Asian Convention, lotsogozedwa ndi loya Sattar Sacranie, linaima mbali ya Malawi Congress Party. Patapita zaka zosakwana khumi, kuyambira mu 1970, boma la Banda linayamba kuchotsa amwenye m'malo a malonda a kumidzi, ndipo pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'matawuni anayi okha: Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Cholinga chinali choti Amalawi akuda atenge masitolowo. Ambiri mwa masitolo aja anangotsekedwa, ndipo mabwinja ake mukhoza kuwaona lero m'matauni ang'onoang'ono m'mbali mwa msewu wa M1. Tsono tikamadandaula kuti amwenye anadzaza Old Town ndipo amakhala kwaokha, tizikumbukira kuti boma lathu lomwe, la anthu akuda, ndi limene linawauza kumene mtundu wawo uyenera kukhala. Ndilo lamulo lofanana kwambiri ndi Group Areas Act limene dziko lino linakhalapo nalo, ndipo linabwera ufulu titalandira kale. Ndikaona zomwe anzanga ena amalemba pa Facebook akakwiya ndi mwenye mmodzi, ndimaona kuti phunziro la ku Selma tinalimva theka: timadana ndi tsankho likamatipweteka ife.

Mnzanga wina wophunzira za mapulani a mizinda ananditsutsa nditamuwerengera zimenezi. Anati mzinda uliwonse pa dziko lapansi uli ndi madera a olemera ndi a osauka, ndipo kutchula zimenezo kuti tsankho la khungu n'kukokomeza. Anatinso pulani ya Gerke ndi Viljoen inasinthidwa kangapo, ndipo kugawa madera motere kunali chizolowezi cha Angerezi mu Lusaka, Nairobi ndi Zomba yemwe, kotero kuloza chala South Africa yekha n'kufuna nkhani yokoma. Pa mfundo yachiwiriyi ali ndi zoona, ndipo ndavomera. Anthu a ku Pretoria sanabweretse chinthu chachilendo. Anapeza Topu ndi Botomu zilipo kale, iwo anangozikulitsa pa mapu aakulu. Koma pa mfundo yoyamba sindikugonja. Kusiyana kwa olemera ndi osauka kumene kumangomera pakokha ndi kwina, kumene boma lakhala pansi n'kukujambula, n'kuika dambo pakati, ndi kwinanso. Ndipo pamene muyeso wa poloti, wa msewu wa tala ndi wa paipi ya madzi unatengedwa ku zomwe mzungu wa mu 1950 ankayembekezera, n'kupatsidwa kwa ochepa okha, ndiye kuti mpando wa mzungu sunachotsedwe. Munangokhala munthu wina.

Malamulo aakulu a dziko a 1994, mu gawo 20, amaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chilankhulo, chuma kapena kobadwira. Ndi mawu abwino, ndipo anthu anavutika kuti alembedwe, kuyambira kalata ya maepiskopi ya mu March 1992 mpaka riferendamu ya pa 14 June 1993. Koma anthu akuda a ku America anaphunzira kuti kupambana m'khoti ndi m'bokosi la voti n'kosavuta poyerekeza ndi kusintha mapu a mzinda. Martin Luther King atachoka ku Selma anapita ku Chicago mu 1966 kukalimbana ndi tsankho la nyumba, ndipo kumeneko anagendedwa mwala. Ife nkhondo yachiwiriyo sitinaiyambe n'komwe. Pa kampeni andale amalonjeza misewu ndi mijigo, koma sindinamvepo wina akufunsa chifukwa chake yadi imodzi ya ku Area 43 ingathe kumeza nyumba khumi za ku Mtandire, kapena chifukwa chake mzinda wa anthu oyenda pansi unamangidwira galimoto. Mwina n'chifukwa choti tonse amene tingafunse funsoli, ife a madigiri, tikulota zodzakhala kumayadi komweko. Inenso ndimalota, ndisakunamizeni.

Holide yapitayi ndinapeza ganyu yophunzitsa mwana masamu ku Area 10. Tsiku loyamba ndinatsika minibasi pamsewu waukulu n'kuyenda wapansi mphindi makumi awiri, m'misewu yopanda munthu, pakati pa mipanda ya njerwa yokhala ndi waya wamagetsi pamwamba. Oyenda pansi anzanga anali amayi awiri onyamula tizikwama ta mayunifolomu ndi bambo wina wokankha njinga ya makala. Pageti mlonda anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zafumbi.

"Achimwene, mukufuna ndani?"

Ndinatchula dzina la eni nyumba, n'kunena kuti ndine mphunzitsi wa mwana.

"Oho. Dikirani pompo ndikafunse." Anatseka kawindo ka pageti, kenako anakatsegulanso. "Kwanu n'kuti?"

"Ku Kawale 2, bambo."

Anaseka. "Ine wa ku Kauma. Mukamatuluka mudzere geti laling'onoli, lalikululi ndi la magalimoto."

Madzulo ndinawafotokozera agogo za nyumbayo, kapinga wake ndi thanki ya madzi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati eni akewo ndi azungu. Ndinati ayi, ndi a ku Dowa.

"A ku Dowa?" anatero, n'kuyamba kufunsa kuti ndi a mudzi uti, mwina n'kukhala abale.